Wotchi yowayinda ndi kiyi yaima: mukonzetse kapena musinthe makina?

Abale a kuno ku Joni, ambiri mumapatsidwa mawotchi akale ndi mabwana akamasamuka ku Randburg kapena ku Sandton. Wotchi ikaima mumathamangira kwa mmisiri. Ine ndikuti musanatulutse randi ngakhale imodzi, tsegulani kachitseko kakumbuyo muwerenge zolembedwa pa makinawo.

Mukapeza dzina la Hermle, kampani ya ku Germany, ndi nambala ngati 340-020 kapena 451-050, ndipo makinawo adyekadi, musakonzetse. Kampaniyi ikupangabe makina, choncho mmisiri angoitanitsa atsopano a nambala yomweyo. Ngati ndi ya pendulamu, chitsulo cholendewera chomwe chimapita uku ndi uku, aonenso utali wolembedwa pamenepo, monga 94cm, apo ayi izithamanga kapena kutsalira. Wotchi yoimba imakhala ndi magulu atatu a magiya: loyendetsa nthawi, lomenya maola ndi loimba nyimbo. Kumasula zonsezi, kutsuka, kuika mabushi (timphete tatsopano ta mkuwa) m'mabowo odyeka n'kumanganso ndi ntchito yaikulu, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umafika pa wa makina atsopano.

Kudyekako mungakuone nokha. Yang'anani timabowo tomwe nsonga za magiya zimazunguliramo. Mukaona phala lakuda, ndiye kuti oyilo anauma n'kusakanikirana ndi fumbi ndi tizidutswa ta mkuwa, ndipo wakhala akupala bowolo ngati sandipepa mpaka lasiya kukhala lozungulira. Giya ikapendekera, mano sagwirana bwino, mphamvu imathera panjira. Fumbi la mu Ogasiti kuno, lija lochokera m'milu ya migodi, silichitira chisoni wotchi yopanda chitseko.

Wotchi yakale kwenikweni, ya ku England, France kapena America yopangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, imeneyo konzetsani ndithu. Makina ake simudzawapeza m'sitolo, ndipo mukaikamo a batire mwatsala ndi bokosi chabe. Koma zija zolembedwa "31 Day" za ku Korea ndi China, mkuwa wake ndi wopyapyala, sipuling'i yamphamvu mopitirira. Ikamoni makina a batire ya AA basi.

Komanso mawotchi ambiri obwera kwa amisiri sanaonongeke n'komwe. Ikamalira motsimphina, kenaka n'kuima pakapita mphindi zochepa, yangopendekera. Isuntheni m'munsi pang'onopang'ono mpaka kugunda kwake kufanane mbali zonse. Mwina kachitsulo kopyapyala kolenjekapo pendulamu kathyoka, kapena mivi yolozera nthawi ikukolana. Zimenezi n'zotchipa.

Chonde, mafuta opopera aja a WD-40 ayi. Iyenda kwa kanthawi, kenaka imata ngati ulimbo n'kukoka fumbi. Wotchi imafuna oyilo wakewake, kadontho ka pansonga ya singano pa bowo lililonse, pa mano a magiya osathira. Ndipo osamasula makina sipuling'i ili yokunga. Imathothola mano a giya ndipo ikhoza kukuchekani chala.

Inu ofuna kuitumiza pa basi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, chotsani pendulamu ndi zitsulo zolemera zomwe zimalendewera n'kuyendetsa makina pa mawotchi ena, mukulunge chilichonse pachokha. Zikakhala zitatu sizilemera mofanana, ndiye zilembeni chizindikiro. Pa mawotchi ambiri, cholemera kwambiri chimakhala kudzanja lanu lamanja mukaima moyang'anizana nayo.