Kumwetulira kwa mwana si chilolezo

Pali funso limene ndimalakalaka nditafunsa aliyense amene amaika pa Facebook chithunzi cha mwana wosamudziwa, uja wa malaya ong'ambika, mamina ali chuchuchu, pansi pake n'kulembapo kuti "tiziyamika Mulungu pa zimene tili nazo". Funso lake ndi ili: akanakhala mwana wa abwana anu, bambo ake ataima pambali pomwepo, mukanatulutsa foni n'kumujambula osapempha? Simukanayerekeza. Ndiye chimene chinakulimbitsani mtima pa mwana winayu si chifundo ayi. Munangoona kuti palibe amene angakuletseni.

Mundimvetse bwino anzanga, ine sindidana ndi kujambula anthu m'misewu. Munthu ukamuuza kuti "ndikujambuleni" amawongola kolala, nkhope n'kuiumitsa, ndipo chimene chinakukopa chija chathawa kale. Zithunzi zambiri zimene zimationetsa mmene anthu ankakhalira kalelo anazijambula anthu amene sanapemphe. Palinso nthawi zina pamene kupempha kungakhale kupusa kumene. Mu May 2020, Darnella Frazier, mtsikana wa zaka 17, anaima m'mbali mwa msewu ku Minneapolis, ku America, n'kujambula vidiyo wapolisi atapanikiza khosi la George Floyd ndi bondo. Ndani anganene kuti akanayamba wapempha kaye wapolisiyo? Floyd anamwalira, vidiyo ija inali umboni waukulu pa mlandu wa imfa yake, wapolisiyo anapezeka wolakwa, ndipo mu 2021 a Pulitzer, amene amapereka mphotho za utolankhani ku America, anamupatsa mtsikanayo ulemu wapadera. Kamera ikaloza kumwamba, kwa munthu amene ali ndi mphamvu ndipo akuigwiritsa ntchito molakwika pagulu, jambulani. Apo sindikutsutsa n'komwe.

Chimene chimandivuta ndi kamera yoloza pansi. Taonani amene timakonda kuwajambula osawapempha: wopemphetsa, wodwala misala, woledzera amene wagwa mu ngalande, mayi amene akulira pamalo a ngozi, mwana. Onsewa akufanana pa chinthu chimodzi, sangathe kukana, kapena akakana palibe amene amawamvera.

Nkhaniyi sinayambe ndi mafoni. Mu 1936 wojambula zithunzi Dorothea Lange anaima pa msasa wa anthu othyola nsawawa zobiriwira m'minda ku Nipomo, ku California, n'kujambula mayi wa zaka 32, dzanja lili pachibwano, ana awiri atabisa nkhope kumapewa ake. Chithunzicho chinasanduka nkhope ya umphawi wa nthawi imeneyo ku America. Lange mwini wake analemba pambuyo pake kuti iye sanamufunse mayiyo dzina. Chitatuluka m'nyuzipepala boma linatumizadi chakudya ku msasawo, koma banja lija linali litachokapo kale. Dzina la mayiyo, Florence Owens Thompson, linadziwika mu 1978, patapita zaka zoposa 40, ndipo iye anadandaula kuti sanapezepo ngakhale khobidi. Chimodzimodzinso mtsikana wa maso obiriwira wa ku Afghanistan uja, amene Steve McCurry anamujambula mu 1984 mu msasa wa othawa kwawo ku Pakistan, n'kutuluka pachikuto cha magazini ya National Geographic mu June 1985. Dziko lonse linkaidziwa nkhope yake, koma mwini wake anadzachiona chithunzicho mu 2002, ali mayi wa ana. Zithunzi zonse ziwirizi ndi zaluso, ndipo mwina zinathandiza anthu ena. Koma mutchuka ndinu wojambula, mwini nkhope n'kutsala pomwe munamupeza.

Ukayamba kukamba izi pamatuluka wina wonena kuti, "Pamsewu ndi pagulu, lamulo silikundiletsa." Choyamba, zimatengera dziko. Ku America ndi ku Britain n'zoona kuti munthu amene ali pamsewu ukhoza kumujambula nthawi zambiri popanda mlandu. Ku Germany nkhani ndi ina. Otto von Bismarck, mtsogoleri wakale wa boma la dzikolo, atamwalira mu 1898, ojambula awiri analowa mozemba m'chipinda mmene munali thupi lake n'kulijambula, ndipo mkwiyo umene unatsatira unathandiza kuti mu 1907 pabwere lamulo loti chithunzi cha munthu sungachifalitse iye asanavomere, kupatula pa zinthu zina monga anthu odziwika kapena chikhamu cha pa msonkhano. Ku France anafika pokhazikitsa lamulo mu 2024 lokakamiza makolo enieni kuteteza zithunzi za ana awo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, pa ndime 16, limanenanso kuti mwana ali ndi ufulu woti asamalowereredwe m'moyo wake wachinsinsi. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu kwa ine, lamulo silikuletsaninso kuyang'anitsitsa munthu wolumala mpaka achite manyazi, koma simuchita. Kuti apolisi sangakumangeni sikutanthauza kuti mwachita bwino.

Tsopano za ana. Aliyense amene anatulutsapo kamera pamene pali ana amadziwa chimene chimachitika. Amathamangira, amakankhana, wina akweza zala ziwiri, wina atulutsa lilime, akufuula kuti "inenso, inenso!" Ukawaonetsa pa foni amaseka mpaka kugwa. Ndiye wojambula amachoka akudziuza kuti anavomera okha, onani mmene akusangalalira. Anavomera chiyani? Mwana wa zaka 6 wavomera sewero la mphindi imeneyo, loona nkhope yake mu kagalasi. Sanavomere kuti anthu zikwi zambiri amene sadzawaona ayambe kukambirana za mapazi ake opanda nsapato. Sakudziwa kuti chithunzi chikalowa pa intaneti anthu amachikopera, amachitumizirana pa WhatsApp, wina amachisandutsa nthabwala, ndipo inu mukadzachifufuta patsamba lanu chimakhala chili kale m'mafoni a anthu ena. Adzakhala ndi zaka 16 chithunzicho chikadalipo, anzake a m'kalasi n'kuchipeza.

Ndipo chithunzi chimanena zambiri kuposa zimene wojambula amaganiza. Yunifolomu ndi baji zimatchula sukulu. Chikwangwani chakumbuyo chimatchula msewu. Mafoni ambiri amasunganso m'chithunzi momwemo malo enieni amene unajambulira, ukasiya GPS yoyatsa. Munthu wa zolinga zoipa safuna zambiri kuposa pamenepo. Masiku ano palinso makina amene amakolola zithunzi pa intaneti usiku ndi usana. Mu 2020 zinadziwika kuti kampani ya Clearview AI inali itatola zithunzi zoposa 3 biliyoni kuti ipange pulogalamu yozindikira nkhope za anthu. Mu 2024 a Human Rights Watch, bungwe loona za ufulu wa anthu, anapeza zithunzi za ana a ku Brazil ndi a ku Australia mu nkhokwe yaikulu ya zithunzi yophunzitsira makompyuta, zina zili ndi mayina a anawo. Amene anaziika pa intaneti poyamba sankafuna choipa chilichonse.

Makolo nafenso tisadzichotsemo. Mwana wako ukhoza kumujambula pa tsiku la masewera kusukulu, palibe vuto, koma m'chithunzimo muli ana ena asanu a eni ake. Mwina mmodzi mwa iwo mayi ake anathawa naye nkhanza ndipo sakufuna kuti wina adziwe kumene ali. Iwe sungadziwe. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mawuwa amatanthauza kumusamala, osati kumuchita chilichonse chimene wafuna.

Nanga kupempha n'kovuta motani? Wamkulu umangomuyang'ana, kukweza kamera pang'ono, iye agwedeza mutu kapena apukusa. Ngati unajambula kale chifukwa mphindiyo ikanakudutsa, pita ukamuonetse, umuuze kumene ukufuna kukachiika. Ambiri amaseka n'kunena kuti munditumizirenso. Wina akakana, fufuta iye akuona, ndipo ulowenso mu kafoda ka zofufutidwa kaja uchotsemonso, chifukwa kunamizira kufufuta ndi kuba. Kwa mwana, wofunsidwa ndi kholo kapena amene akumuyang'anira, kenako mwanayonso, chifukwa naye akhoza kukana ngakhale mayi ake atavomera. Ngati palibe wamkulu pafupi, foni ibwerere m'thumba. Ndipo kupereka kandalama kapena switi kuti mwana aime bwino si kupempha, ndi kugula.

Ena amati popanda nkhope ya mwana wovutika anthu satsegula zikwama zawo. Mwina n'zoona, komatu ndiye kuti mwanayo ndi amene akulipira thandizolo ndi nkhope yake, asanafunsidwe. Denga lodontha la kalasi likhoza kujambulika popanda mwana aliyense. Manja ogwira pensulo, misana ya ana akuyenda, mzere wa mabuku pansi, zonsezi zimafotokoza nkhani. Ndipo ngati nkhope ikufunikadi, khalani pansi ndi makolo ake, muwauze kuti chithunzichi chikaonekera kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi mawu ati amene mudzalembe pansi pake. Akamva zonsezo ena adzakana, ndipo mudzabwerera opanda chithunzi chimene mumachifuna.