Aphunzitsi a zojambula, yesani pensulo ya phula

Aphunzitsi anzanga a ku Mbare, Mufakose, Epworth ndi konse muno mu Harare, maganizo anga ndi akuti mwana amene akuphunzira kujambula tizimupatsa pensulo ya phula, ija ya chinagraph, labala azimusiya m'chikwama.

Kuyambira mu 2017, pamene Visual and Performing Arts, phunziro la zojambula, nyimbo, magule ndi zisudzo, inalowa m'maphunziro a ku pulayimale, takhala tikudandaula za kuchepa kwa utoto ndi mapepala. N'zoona ndithu. Koma ine chondiwawa mtima ndi mwana amene amalemba mzere umodzi, n'kufufuta, kulembanso, kufufutanso, mpaka pepala kubooka, belu n'kulira asanajambule ngakhale khutu la mbuzi. Amenewo ndi mantha, ndipo labala ndi amene amawakuza.

Pensulo imeneyi ikadutsa papepala, yadutsa basi. Labala amangopakazapakaza, sachotsa. Choncho mwana amayamba wayang'anitsitsa kapu imene mwamuikira patebulo dzanja lisanasunthe, ndipo mzere ukakhota amaupezera njira n'kupitiriza. Akasindikiza imada bii, akapeputsa dzanja imasiya timadontho totsata kukhakhala kwa pepala. Mthunzi mumauphunzitsa pomwepo osataya mawu ambiri. Phula silimwa madzi, ndiye akapaka utoto wamadzi pamwamba, mizere imatsala ikuonekera bwinobwino.

Pamene imandikomera zedi ndi pazenera. Paja anaipangira zinthu zoterera: galasi, chitsulo, pulasitiki, mbale zonyezimira. Imikani mwana pazenera la kalasi, atsinzine diso limodzi, mutu usagwedezeke, azilondola pagalasipo denga la buloko ya kutsidya ndi mtengo wa jacaranda uli kuseri kwake. Muone nkhope yake akazindikira kuti mtengo wonsewo wakwana m'chikhatho chake, ndi kuti mizere ya denga ikunka niyandikana! Zoti chakutali chimaoneka chaching'ono mungazilembe pabolodi teremu yonse, koma apa wazigwira ndi dzanja lake. Akatha, kansalu kouma kamapukuta, wina n'kubwera, pepala osawonongeka ngakhale limodzi.

Chinanso, yokulungidwa ndi pepala m'malo mwa mtengo sifuna chosongolera. Imeneyi ili ndi kaulusi: mumakakoka pang'ono, n'kusenda pepala, nsonga yatuluka. Amene munamangapo chala cha mwana wodzicheka ndi lezala mukudziwa phindu lake.

Zovuta zilipo. Ndi yodulirapo kuposa pensulo wamba, sitha kujambula timizere tating'onoting'ono, ndipo ikakhala padzuwa la mu Okutobala imafewa n'kudetsa yunifolomu. Ana ena amakokanso ulusi mopitirira, phula n'kuthyoka. Ine ndimasenda ndekha m'mawa, ndimazisunga m'chitini mu kabati, ndipo ndimapereka imodzi pa gulu, azisinthana. Ngati ndalama ndi yochepa, yambani ndi zakuda zokha. Zoyera mudzagule mukapeza makatoni oti ana azijambulapo.