Ntchito itatha ndinkavalabe tayi

Pali mnzanga wina amuchotsa ntchito sabata yathayi ndipo wandipempha kuti ndisauze munthu. Dzina sinditchula, koma wandikumbutsa uchitsiru wanga wa 2020 ndiye ndingolemba pano, ndikudziwa awerenga.

Ine ndinagwira zaka 7 ku maakaunti pa kampani ina yosindikiza zinthu cha ku Ginnery Corner. Sukulu zitatsekedwa mu March chaka chimenecho chifukwa cha Covid ntchito zinangouma, mabuku a sukulu wofuna palibe, makadi a ukwati ndi zinkhoswe ziii, misonkhano ya mabungwe yomwe tinkaisindikizira ma banner yonse inathawira pa Zoom. Pofika July bwana anatiitana anthu asanu nkutipatsa makalata, ati zinthu zikabwerera mchimake tikuimbirani. Foni imeneyo mpaka lero sinalire.

Kunyumba sindinanene. Mmawa uliwonse kudzuka 5 koloko, kusita malaya, tayi pakhosi, kachikwama m'manja, kukwera minibasi pa Ndirande ngati munthu woti akumudikira ku ofesi. Ndikafika mtauni ndinkabwereka nyuzi kwa mavenda kuona ma vakansi, kenako kuyenda basi, Victoria Avenue kutsika kukwera, nthawi zina mpaka Chichiri wapansi kuti dzuwa lipendeke, masana tchipisi cha pa chiwaya, 5 koloko ikakwana kubwerera kunyumba nkumanamizira kutopa. Miyezi itatu anthuni. Kandalama ka severance komwe kakanalipira renti miyezi ingapo kanathera thiransipoti ndi lanchi yopitira ku ntchito yoti kulibe. Choseketsa kwambiri, abale kumudzi ku Thyolo ankaimbabe kuti achimwene tithandizeni ya feteleza, ine nkumatumiza pa Mpamba ndithu, poopa kuti ndikakana adabwa.

Anandimasula ndi mayi akunyumba. Tsiku lina usiku ndikutenga simbi anangoti, "Bambo a Tadala, musavutike kusita, ine ndinadziwa kale mu August." Ndinafunsa kuti wakuuzani ndani, ati palibe, nsapato zanu zimabwera ndi fumbi la munthu woyenda tsiku lonse osati wokhala pa desiki. Ndinangokhala pansi simbi ili m'manja.

Maganizo anga ndi awa, ndipo wotsutsa atsutse. Ntchito ikatha, chimene chimatigwetsa msanga ndi manyazi, njala imabwera pambuyo. Kuno kwathu ntchito zambiri, makamaka maganyu, sizifika mu nyuzi, zimayenda pakamwa, ku tchalitchi, pa maliro, mu gulu la WhatsApp la anthu omwe munaphunzira limodzi. Nanga munthu akuganizira bwanji pomwe akukuona wavala tayi mmawa uliwonse? Aliyense amati ameneyu zake zili bwino, nkupatsa wina. Miyezi itatu ija ndinatumiza ma CV osawerengeka, intavyu imodzi yokha, koma anthu oti akanandithandiza ndinkawapatsa moni tsiku ndi tsiku nkumawauza kuti kuofesi kuli bwinobwino.

Mkazi wanga atauza mchimwene wake, sabata sinathe. Alamu ali ndi hadiweya ku Limbe ndipo maakaunti awo onse anali mu kope la mwana wasukulu, ngongole za makasitomala zina pa chikatoni cha misomali. Anati bwerani mudzatikonzereko. Kunena zoona ndinapita mtima ukuwawa, ine wa dipuloma kukawerenga matumba a simenti kwa alamu? Koma ndi pomwepo eni mashopu oyandikana nawo anayamba kufunsa, wina akufuna TPIN (nambala yolipirira msonkho), wina ma return a MRA amusokoneza, wina Msonkho Online (njira ya MRA yoyendetsera za msonkho pa intaneti) sakuidziwa polowera. Pano ndimasunga mabuku a mashopu 9. Sindinalemere ayi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 awiri mwa makasitomala anga anatseka, otsalawo ukawauza zokweza mtengo amangokuyang'ana, koma renti ndimalipira ndipo ana sanabwezedwepo fizi.

Awa a motivation omwe amati ntchito ikatha ingoyambani bizinesi nawo andipepese. Ndinayesa nkhuku zoyera 50, chakudya chake chokha chinandimaliza, zina zinafa ndisanadziwe nkomwe kuti zikudwala chani. Chinandidzutsa ine ndi ntchito yomwe ndinkaidziwa kale, kungoti ndinasiya kudikira kuti ibwere ndi ofesi ndi mpando wozungulira.

China, kwa inu muli pantchito, muzifunsa sitetimenti ya penshoni yanu. Lamulo limati inu 5 peresenti abwana 10 peresenti, koma ine nditapita kukafunsa ndinapeza miyezi yambirimbiri yomwe pa payslip ankadula koma ndalamazo sizinafike. Wa maakaunti weniweni osadziwa za ndalama zake, mundiseke ndithu.

Ndiye iwe aise, ndikudziwa mawa udzuka nkusita malaya. Auze kaye amayi a ana usikuuno, mwinanso akudziwa kale. Loweruka ndikudutsira cha m'ma 8, pali shopu ina ku Limbe ikufuna munthu wowerenga stoko masiku atatu, uvale zoti zitha kuda ndi simenti.