Buku loti mayi akunyumba amvetse

Pali abambo ena buku anasiya kugwira ali Fomu 2, koma akangopeza MG2 amakumbukira njira ya kogulitsa mabuku.

BAMBO: Mayi, muli ndi buku la nkhani ya munthu wokonda anthu angapo? Zija akuti polyamory.

MAYI: Alipo. Owerenga ndinu?

BAMBO: Ine maso amavuta. Ndikufuna ndikangolisiya patebulo, mayi akunyumba aliwerenge, mutu utseguke.

MAYI: Iwowo akudziwa kuti muli ndi wina?

BAMBO: Akanadziwa bwenzi ndikugula buku?

MAYI: Ndiye zanuzo ndi chibwenzi chamseri, bambo. Zomwe mwatchulazo zimafuna aliyense adziwe, aliyense avomere. Komanso chilolezo chimakhala cha nonse. Inu mukakhala ndi awiri, mayinso akhoza kukhala ndi awiri.

BAMBO: Tsamba limenelo ting'amba. Ndipatseni la mwamuna mmodzi, akazi ambiri.

MAYI: Amenewo ndi mitala. Nali So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal, la 1979. Ndi lopyapyala, usiku umodzi latha. Modou anakwatira Binetou, mnzake wa mwana wake wamkazi, nasiya Ramatoulaye ndi ana 12.

BAMBO: Mwamuna ameneyo! Zinamuthera bwanji?

MAYI: Bukuli likuyambira pamaliro ake. Mtima unaima. Anasiya ngongole zokhazokha.

BAMBO: Sankadya bwino ameneyo. Lina.

MAYI: The Secret Lives of Baba Segi's Wives la Lola Shoneyin, la 2010, nkhani ya ku Ibadan. Akazi anayi nyumba imodzi, ana 7, aliyense ali ndi masiku ake.

BAMBO: Eyaa! Kulungani limenelo.

MAYI: Dikirani. Wachinayiyo, Bolanle, anamaliza maphunziro ku yunivesite, koma mimba osatenga. Baba Segi anamukokera kuchipatala. Madokotala atamuyeza mkaziyo anati tiyezenso bambo. Zotsatira zinati bamboyo sabereka.

BAMBO: Nanga ana 7 aja?

MAYI: Ndi funso lomwe anafunsanso iye. A mkazi wamkulu anali a dalaivala wake.

BAMBO: Makina a chipatala amanama. Komanso ine ndilibe dalaivala.

MAYI: Mayi amapita bwanji kumsika?

BAMBO: Pali mnyamata wa kabaza amawanyamula. Waulemu kwambiri, sawalipiritsa n'komwe.

MAYI: Ehe.

BAMBO: "Ehe" wake uti? Ndipatseni la pafupi pompano, za ku Nigeria n'zakutali.

MAYI: Ndiye Niketche la Paulina Chiziane wa ku Mozambique, la 2002. M'Chingelezi analitcha The First Wife. Mayi ameneyu analandira mphotho ya Camões mu 2021. Tony ndi wamkulu wa apolisi ku Maputo. Mkazi wake Rami atatulukira kuti kuli ena anayi, anayamba ndi ndewu, kenako anawasonkhanitsa onse.

BAMBO: Mwaona? Mkazi wanzeru. Mgwirizano.

MAYI: Mgwirizano weniweni. Anamuuza kuti ngati ndi mitala, ikhale ya mwambo. Lobola alipire kwa aliyense. Ana onse awavomere poyera. Nyumba iliyonse sabata yake, osadumpha, osadwala mutu. Rami anawabwereka anzakewo mpamba, aliyense nayamba geni yake.

BAMBO: Ndalama zikuchuluka m'banja.

MAYI: M'matumba mwawo. Atayamba kudzidalira, anamusiya mmodzimmodzi, ena kukakwatiwa kwina.

BAMBO: Koma wamkulu anakhala. Wamkulu sachoka.

MAYI: Anakhala. Kungoti Tony atazemba ulendo wa ku Paris ndi mkazi winanso, abale ake anaganiza kuti wamwalira pangozi. Maliro anachitika, katundu analanda, Rami anamuchita mwambo wonga wa kulowa kufa ndi mchimwene wa Tony. Pomwe mwini wake amabwera, mimba ilipo kale.

BAMBO: Mabuku onsewa analemba ndi azimayi eti?

MAYI: Onse atatu.

BAMBO: N'chifukwa chake. Palibe lomwe mwamuna amakalamba mwamtendere, akazi onse akumuphikira, osafunsa za foni?

MAYI: Limenelo mulembe nokha. Ukwati wanu munamangitsa kuti?

BAMBO: Kwa DC.

MAYI: Ndiye wachiwiri lamulo la maukwati la 2015 silikulolani. Mutuwo mudzaulembere kundende.

BAMBO: Chabwino, ndipatseni la ku Mozambique lomwelo. Ndimata masamba akumapeto.

MAYI: Latha. Lomaliza anagula mayi ena Lachiwiri. Anabwera pa kabaza, mnyamatayo ndi amene analipira.

BAMBO: Kabaza ndi ambiri m'tauni muno.

MAYI: Ndi ambiridi. Anatinso ndiwasungire la Baba Segi, akuti akufuna akangolisiya patebulo.

BAMBO: Muli ndi la ulimi wa nkhuku?

MAYI: Lilipo. Tambala mmodzi, misoti khumi.

BAMBO: Kulungani.