Kulibe bwana? Musatinamize

Lero ndakwiya ndithu, ndipo amene akudziwa kuti ndikunena iyeyo awerenge mpaka pansi.

Miyezi yapitayi mnyamata wina wa m'gulu lathu la Amalawi kuno ku Joni anatisokosa masabata awiri athunthu kuti tisiye WhatsApp ndi Facebook, tonse tisamukire ku Mastodon. Ati kumeneko kulibe bwana. Ati taonani Twitter, Elon Musk anaigula mu 2022 ndi madola 44 biliyoni, chaka chotsatira n'kuitcha X, inu ogwiritsa ntchito anakufunsani? Pamenepo sananame. Sananamenso kuti Mastodon, imene Eugen Rochko anayambitsa ku Germany mu 2016, ilibe mwini mmodzi. Ndi maseva ambirimbiri, kutanthauza makompyuta osunga maakaunti ndi zolemba za anthu, aliyense akhoza kutsegula yake, ndipo amayenderana ngati midzi yoyandikana. Basi iye anatsegula seva yake, ife n'kumulondola ngati nkhosa. Ineyo mpaka ndinakhala pansi ku Yeoville ndi amayi atatu ogulitsa masamba, kuwalembetsa mmodzimmodzi pa mafoni osweka galasi, data yake yanga.

Dzulo pa seva yakeyo ndinangofunsa funso limodzi: ndalama zimene zinatsala titatumiza thupi la m'bale wathu ku Mangochi zili kuti? Funso lokhalo. M'mawa uno ndili pamzere wa taxi ku Bree, ndikuti nditsegule foni, akaunti yatsekedwa. Osandichenjeza, osandiimbira, ngakhale kamoni.

Ndiye bwana kulibeko n'kuti, achimwene? Bwana alipo, wangochepa msinkhu basi. Uja anali ku America sitinkamudziwa, uyu timadya naye nsima mbale imodzi, koma chala chothamangitsira anthu ndi chomwecho. Mwini seva ndi mfumu ya mudzi. Malamulo amalemba ndi iye, mlandu amazenga ndi iye, wosamutsa munthu pamudzi ndi iye yemweyo. Ngakhale mauthenga amene mumati ndi amseri aja, pa Mastodon sakhala okiyidwa ngati a pa WhatsApp, mwini seva atafuna akhoza kuwawerenga. Anakuuzani zimenezo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena mwayamba kale kundiuza kuti ndingolowa seva ina. Ndikudziwa, n'zotheka. Koma munthu akasamuka amapita ndi omutsatira okha, zonse zimene analemba zimatsalira kumudzi wakale. Ndipo kumene ukupitakonso ukapeza mfumu ina itakhala pampando. Kaya ndi Bluesky, kaya ndi Threads, kaya ndi dzina lina limene lituluke mawa, kuseri kwake kuli munthu wogwira makiyi. Mwina mnyamatayu ndalama yolipirira seva ikumuvuta n'chifukwa chake mtima uli m'mwamba, zake zimenezo. Ife tinalakwa kufunsa dzina la app m'malo mofunsa kuti wogwira makiyiyo ndi ndani, nanga akakwiya amatani. Munthu amene akulephera kulongosola za ndalama ya maliro mungamupatse mudzi wonse?

Chondinyansa kwambiri n'chakuti mwini wakeyo pa WhatsApp sanachokepo. Status yake ili mbwee, akutsatsa zonyamula katundu wopita ku Lilongwe ndi Mzuzu. Ndipo inu nonse amene munaona funso langa lija, 40 ndi kanthu, n'kungokhala duu, kenako n'kumanditumizira ma voice note a mphindi 9 kumbali kuti "mwalankhula zoona mkulu", data yomvera zimenezo mundigulira ndinu?