Chenjezo kwa oyembekezera: magazi m'nkhama si chifukwa chotayira mswachi

Ana athu oyembekezera, ndi inu apongozi ndi azakhali amene mumawalangiza, tamverani. Pali chibwana chimene chafala kuno ku Mangochi: mayi akangoona magazi potsuka m'kamwa, basi mswachi wausomeka kudenga mpaka adzachire. Kumeneko n'kudziputira dala mavuto.

Mimba imasintha mahomoni m'thupi, ndipo nkhama zimafewa n'kumatupa msanga. Zimayamba cha m'mwezi wachiwiri kapena wachitatu, n'kufika poipa m'miyezi yomaliza. Chimene chimazikwiyitsa ndi zoyanga zoyera zija zomata m'mphepete mwa mano. Mukaleka kutsuka zimachuluka, magazi nawo amawonjezeka, mapeto ake dzino limayamba kugwedera. Tsukani kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, mphindi ziwiri, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, mankhwalawo atsale pamano. Nkhama zikamawawa, theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, chukuchani. Makala, phulusa ndi mchenga wa kunyanja zimangopala dzino.

Mukasanza, apa ndiye ambiri mumalakwitsa. Masanzi ali ndi asidi wa m'mimba amene amafewetsa chikuto cha dzino, tsono mukathamangira mswachi nthawi yomweyo mukuchipala chikadali chofewa, ndipo sichimeranso. Chukuchani ndi madzi, kapena madzi a kapu imodzi osungunuliramo supuni yaing'ono ya soda wophikira ndiwo, mudikire theka la ola musanatsuke.

Nkhuli ya mimba timaidziwa, sitikukuletsani kudya. Koma kubwira malambe tsiku lonse, bwemba, mafirizi, nzimbe, thobwa lothira shuga wambiri, kamodzikamodzi mpaka dzuwa kulowa, ndiye kuti dzino likukhala m'zowawasa ndi m'shuga osapuma. Idyani zimenezi nthawi ya chakudya, mumwere madzi. Dothi lija mumatafuna limapera mano, komanso chilakolako chake nthawi zambiri chimasonyeza kuchepa kwa magazi. Kanenereni kusikelo.

Zoti mwana amayamwa mano a mayi ake, mimba iliyonse dzino limodzi, ndi bodza. Mwana amatenga kashiamu m'chakudya chimene mayi akudya, chikachepa amatapa m'mafupa, osati m'mano. Ife a kunyanja tidandaulenji? Usipa, bonya ndi matemba zodyera limodzi ndi minga yake, bonongwe, chisoso, mkaka ukapezeka. Mano a mwanayo amayamba kupangika mimba ili ndi masabata 6 okha.

Tsopano chokhumudwitsa kwambiri: dzino likuwawa, tsaya latupa, wina n'kumati woyembekezera sachotsedwa dzino. Anakuuzani ndani? Jakisoni wochititsa dzanzi pochotsa kapena pomata dzino saononga mimba. Nthawi yabwino ndi mwezi wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi, koma dzino la mafinya silidikira mwezi. Mukafika, uzani adokotala miyezi ya mimba yanu, ndipo tengani buku lanu la kusikelo.

Zogula pa okala popanda kufunsa lekani. Tetracycline ndi doxycycline amadetsa mano a mwana ali m'mimba, ndipo mtunduwo suchoka. Brufen ndi asipirini musamwe mwa inu nokha, makamaka m'miyezi yomaliza. Kuika asipirini pabowo la dzino kumaotcha nkhama, nanji madzi a batire! Panado ndiye angakuthandizeni muli panjira, mapiritsi awiri, osapitirira kanayi pa tsiku, koma sachiza dzinolo.

Kachotupa kofiira kotuluka pakati pa mano kamene kamachucha magazi mukakagunda nthawi zambiri kamaphwa mukachira. Musakadule ndi lezala, kaonetseni.

Tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kukamwa kukukanika kutsegula kapena malovu akuvuta kumeza, musagone nazo. Kaya muli ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Monkey Bay, abambo pezani njinga kapena galimoto tsiku lomwelo, mupite nawo kuchipatala chapafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu ku boma, pitani.