Randal Pinkett sanalakwe pokana kugawana mphoto yake

Pali nkhani ya mu 2005 imene ambiri anaiwala, koma ndi imene imaonetsa bwino zimene mipikisano ya pa TV ya ku America imamuchita munthu wakuda wophunzira. Ndi nkhani ya Randal Pinkett pa pulogalamu ya The Apprentice, ija ankayendetsa Donald Trump pa NBC asanalowe ndale.

Kwa amene simunaionerepo, zinkayenda chonchi. Anthu amene anali kale ndi ntchito zawo kapena mabizinesi awo ankagawidwa m'magulu awiri, n'kupatsidwa ntchito ya malonda sabata iliyonse. Gulu lolephera linkakakhala pamaso pa Trump, iye n'kuchotsapo mmodzi. Wotsala yekha kumapeto ankalembedwa ntchito ya chaka chimodzi pa kampani ya Trump, malipiro ake madola 250,000. Lamulo linali lomweli kuyambira pachiyambi: wopambana ndi mmodzi. Bill Rancic anapambana yekha. Kelly Perdew yekha. Kendra Todd yekha. Onsewa azungu.

Kenako kunabwera Pinkett, mnyamata wa ku New Jersey. Madigiri asanu. Anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku Rutgers, anapita ku Oxford pa sikolashipu ya Rhodes, kenako ku MIT komwe anatenga madigiri atatu, yomaliza ya udokotala wa maphunziro. Anali ndi kampani yake kale, BCT Partners, ku Newark. Mu mpikisanowo anatsogolera gulu lake katatu, ndipo katatu konse anapambana. Anzake ankachita kumulimbirana kuti akhale m'gulu lawo. Pa ntchito yomaliza anapatsidwa kukonza masewera osonkhetsa ndalama za bungwe la Autism Speaks, mvula inagwa n'kusokoneza zonse, iye anasamutsira mwambowo m'nyumba ndipo ndalama zinapezekabe.

Usiku womaliza, mu December 2005, pulogalamu ikuulutsidwa pompopompo, Trump analengeza kuti Pinkett wapambana. Munthu wakuda woyamba. Ali mkati mokumbatirana ndi anzake, Trump anamuitananso kuti abwere akhale pansi. Funso lake linali lakuti: nanga Rebecca Jarvis, amene wakhala wachiwiri, ndimulembenso ntchito? Pinkett anayankha mwaulemu kuti pulogalamuyi ndi yosankha munthu mmodzi, ndipo ngati wina akulembedwa ntchito usiku umenewo, akhale mmodzi. Trump anati chabwino, zikhale choncho. M'holomo ena anakuwiza. M'mawa mwake nkhani sinalinso yakuti munthu wapambana. Inali yakuti Pinkett ndi wodzikonda, wouma mtima, wamumana mtsikana wa eni ake mwayi.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuganiza kale, chifukwa ife tinaleredwa ndi mawu akuti chakudya sachidyera pakona. Mukuti akanangovomera, akanataya chiyani, umunthu uli kuti? Funsolo ndi labwino, koma mwalilozetsa kwa munthu wolakwika. Kampani inali ya ndani? Ya Trump. Ndalama zolipira antchito zinali za ndani? Za Trump. Akanafuna kumulemba Jarvis ntchito, akanamuitana mawa lake ku ofesi, kumupatsa kalata, nkhani n'kutha. Sankafunika chilolezo cha munthu amene wangomulemba ntchito mphindi ziwiri zapitazo. Chimene anachita n'kutenga udindo wake wa bwana n'kuusenzetsa wopambana, pamaso pa anthu mamiliyoni, m'njira yoti yankho lililonse limupweteke. Akavomera, ndiye kuti munthu wakuda woyamba kupambana ndi yekhayo amene chipambano chake ndi cha theka. Akakana, ndiye woipa mtima. Msampha wake unali pamenepo.

Tangoganizani Bullets yachinya Wanderers pa fainolo ku Bingu, kaputeni wanyamula kale chikho, ndiye mlendo wolemekezeka akutenga maikolofoni n'kumufunsa kuti, kodi anzanuwa tiwapatsenso chikho chawo, poti nawonso anathamanga? Palibe wa Bullets amene angatche kaputeni wakeyo wodzikonda akakana. Aliyense angaone kuti wopanda ulemu ndi wofunsayo.

Ndisamuchimwire Rebecca Jarvis. Anali ndi zaka 23, anathyoka mwendo kumayambiriro kwa mpikisano n'kupitiriza ndi ndodo mpaka kumapeto, ndipo pambuyo pake anakhala mtolankhani wodziwika wa zachuma ku CNBC, CBS ndi ABC. Si iye anapempha zoti agawiridwe. Koma taonani: atatu aja asanabwere Pinkett sanafunsidwe funsoli. Sean Yazbeck amene anapambana pambuyo pake sanafunsidwe. Kwame Jackson atakhala wachiwiri mu 2004, palibe anafunsa Bill Rancic ngati angalole kuti mnzake wakudayo alembedwenso. Mtima wogawana unangofika tsiku limodzi lokha, tsiku limene wopambana anali wakuda ndipo wachiwiri anali mzungu.

Za Kwame Jackson ndiimepo pang'ono. Anali ndi MBA, digiri yapamwamba ya zamalonda, ya ku Harvard, anagwirapo ntchito ku Goldman Sachs, munthu wodekha, wosakweza mawu. Kudekha komweko kunasandutsidwa mlandu: akuti ndi wofewa, sadziwa kulamula. Chaka chomwecho, mu gawo lachiwiri, Kevin Allen anafika pa anthu anayi omaliza ali ndi digiri ya ku Wharton, MBA ya ku Emory, akuphunziranso zamalamulo ku Chicago. Anachotsedwa pa chifukwa chakuti sukulu yamuchulukira, ntchito yeniyeni sanaigwire mokwanira. Ana akuda ku America amauzidwa ndi makolo awo kuti uzilimbikira kawiri kuposa mnzako kuti upeze theka la zimene iye wapeza. Allen anamvera malangizowo, n'kuuzidwa kuti wawamvera mopitirira.

Ndiye pali Omarosa Manigault. Mukafunsa munthu aliyense amene anaonera gawo loyamba lija kuti akukumbukira ndani, sanena Kwame, ena sanenanso Rancic amene anapambana. Anena Omarosa. Mayi wakuda wolusa, wamwano, wokangana ndi aliyense. Sindikufuna kumuyeretsa, anali ndi zake, ndipo iye mwini anaona kuti mbiri yoipayo ikumudyetsa, anaigwiritsitsa mpaka inakamufikitsa ku White House mu 2017. Koma funso langa ndi la eni pulogalamu. Pa anthu akuda onse amene anadutsa m'magawo oyambirira aja, ndani amene anaitanidwanso kudzapikisana? Omarosa, mu 2008, komanso mu 2013. Amene ankagwirizana ndi chithunzi chakale cha mkazi wakuda waukali ndiye anali katundu wogulitsika. Woganiza mofatsa uja analibe msika.

Apa ndi pamene anthu ambiri timapusitsidwa ndi dzina lakuti ndi mapulogalamu a zenizeni. Makamera amajambula usana ndi usiku, maola ochuluka zedi, ndipo chimene chimafika pa TV yanu ndi mphindi makumi anayi ndi kangapo. Pakatipa pali munthu amene wakhala pa kompyuta akusankha. Mayi waseka ndi anzake tsiku lonse, wakwiya kamodzi madzulo, wosankhayo atenga kukwiyako, aike nyimbo yoopsa pansi pake, aonetse nkhope ya mnzake ikuoneka ngati yachita mantha, nkhope imene mwina inajambulidwa tsiku lina pa nkhani ina. Mawu a munthu amatha kudulidwa apa ndi apo n'kulumikizidwa kukhala chiganizo chimene sanachinene motero. Ena mwa amene ankalumikiza zithunzi za The Apprentice anadzauza magazini ya The New Yorker kuti nthawi zina Trump ankachotsa munthu popanda chifukwa chooneka, ndipo iwo ankabwerera m'zithunzi kukasaka tizolakwa toti tionetse kuti wochotsedwayo anayeneradi kupita. Chigamulo chinkayamba, umboni n'kumapangidwa pambuyo. Tsono ngati wosankhayo anakula akukhulupirira kuti mwamuna wakuda ndi waulesi kapena woopsa, ndipo mkazi wakuda ndi wolongolola, safunika kukhala ndi chidani mumtima kuti atulutse zimenezo. Amangotola chimene chikuoneka ngati nkhani yomveka kwa iye.

Wina anena kuti azungu nawonso amaonetsedwa moipa pa mapulogalamuwa. Zoona. Kusiyana kwake ndi chiwerengero. Mukakhala azungu 14 m'nyumba, mmodzi akhale woipa, wina wopusa, wina wanzeru, wina wachifundo, woonera amaona anthu osiyanasiyana. Mukakhala akuda awiri, mmodzi n'kupatsidwa mbali ya woipa, woonera waona theka la mtundu wonse. Ndipo woonerayo mawa lake ali mu ofesi, akufunsa mafunso mayi wakuda amene wabwera kudzafuna ntchito ya umanijala.

Kuti mudziwe kuti khungu silinali kunja kwa maganizo a eni pulogalamu, mu 2005 momwemo Trump ananena poyera kuti akulingalira zopanga gawo loti akuda ochita bwino apikisane ndi azungu ochita bwino. Sizinachitike. Koma chaka chotsatira, mu 2006, pulogalamu ya Survivor, ya mkulu yemweyo Mark Burnett amene anayambitsa The Apprentice, inagawadi opikisana m'magulu anayi potengera mtundu, ku Cook Islands.

Ku Britain zinayamba mosiyana, ndipo ndi bwino kunena. Wopambana woyamba wa The Apprentice ya kumeneko mu 2005 anali Tim Campbell, wakuda, amene ankagwira ntchito ku London Underground, ndipo palibe anamuuza kuti agawane ndi wina. Mu 2022 anabwereranso ngati mmodzi wa alangizi a Alan Sugar, bwana wa pulogalamuyo kumeneko. Koma Sugar yemweyo, pa World Cup ya 2018, anaika pa Twitter chithunzi cha timu ya Senegal n'kuifanizira ndi anyamata ogulitsa magalasi ndi zikwama m'mbali mwa nyanja ku Marbella, ku Spain. Anapepesa anthu atakwiya. Osewera ena a timu imeneyo, monga Sadio Mané, anali m'matimu akuluakulu a ku Ulaya, koma diso la bwana woweruza luso la anthu pa TV linaona mavenda.

Zinthu zasinthako, sindikana. Pambuyo pa imfa ya George Floyd mu 2020, CBS inalonjeza kuti theka la opikisana m'mapulogalamu ake otere lidzakhala la anthu osakhala azungu. Chaka chotsatira, pa Big Brother ya ku America, akuda asanu ndi mmodzi anapangana mwachinsinsi kuti asachotsane, n'kufika onse kumapeto, ndipo loya Xavier Prather anakhala wakuda woyamba kupambana, pa gawo la 23. Mwamva bwino, la 23. Anthu ena anakuwa kuti limeneli ndi tsankho lobwezera, ngati kuti magulu a azungu okhaokha amene ankachotsa akuda m'masabata oyambirira zaka zonsezo ankangochitika mwangozi. Ku The Bachelorette, pulogalamu imene amuna amapikisana kuti mkazi mmodzi awasankhe, zinatengera mpaka 2017 kuti mayi wakuda, Rachel Lindsay, nayenso loya, akhale wosankhayo. Koma lonjezo la CBS linali lowerenga nkhope zimene zili kutsogolo kwa kamera. Amene amasankha opikisana, amene amafunsa mafunso okola m'kachipinda kaja, amene amadula ndi kulumikiza, amenewo sitiwaona, ndipo mphamvu ili kwa iwo.

Chimene chimandiwawa kwa ife kuno n'chakuti timameza zonsezi osatafuna. Mumve anthu akukambirana za akuda a ku America, ena sanakumanepo ndi mmodzi yemwe, koma akuuzani motsimikiza kuti ndi aukali, ndi aphokoso, sakonda sukulu. Mwazitenga kuti? Pa TV. Kenako mwana wathu yemwe, nesi wa ku Lilongwe kapena akauntanti wa ku Chipata, akapita ku Manchester kapena ku Texas, amakapeza chithunzi chomwecho chikumudikira pakhomo la ofesi. Bwana wa kumeneko safunsa pasipoti asanaganize kuti mayi uyu akatsutsa mfundo pa msonkhano ndiye kuti walusa.

Pinkett anaigwira ntchito yake ya chaka chimodzi, kuyang'anira kukonzanso makasino a Trump ku Atlantic City, n'kubwerera ku kampani yake. Mu April 2016, Trump akufuna upulezidenti, Pinkett, Kwame Jackson ndi anzawo ena anayi amene anadutsa pa pulogalamuyo anadzudzula poyera kampeni yake kuti ikufesa tsankho ndi chidani. Trump anayankha kuti ndi anthu olephera ofuna kutchuka, osayamika zimene anawachitira. Mmodzi mwa olepherawo anali munthu amene iye mwini anamusankha pa anthu 18 kuti ndiye woposa onse.